Kanjira n'kathu, khwawa n'la boma: lipoti la ntchito ya suweji ku Orangi, mumzinda wa Karachi

Pa zaka zimene ndagwira ntchito yokonza mapulani a madera a m'tauni, ndakhalapo pa misonkhano yambiri ya anthu ndi khonsolo, ndipo yambiri imatha mofanana. Anthu amabwera, ife timawafunsa mavuto awo, mlembi n'kumalemba papepala lalikulu lomata kukhoma: msewu, madzi, ngalande, zinyalala, magetsi a mumsewu, chipatala. Tikatero timaomba m'manja, kujambulitsa chithunzi, n'kubalalika. Pepala lija limakalowa mu lipoti, lipotilo limakagona mu kabati. Dera lina ndinabwererako patatha zaka zitatu nditanyamula pepala latsopano, ndipo mayi wina wachikulire anandifunsa mwaulemu ndithu ngati lakale lija linatayika. Ndinasowa choyankha, chifukwa silinatayike. Linalipo, koma panalibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti adzagwire ntchito iti ndi ndani, ndi ndalama za yani.

Kuyambira pamenepo, anzanga atsopano pantchito ndimayamba kuwaphunzitsa ndi nkhani ya ku Orangi. Si nkhani ya dera lokongola, ndipo mathero ake si osangalatsa onse. Ndimaikonda chifukwa ndi malo amene funso loti "izi n'za yani" linayankhidwa ndi malire ooneka ndi maso, amene munthu akhoza kuimapo n'kuloza ndi chala.

Malowo ndi anthu ake

Orangi ili kumpoto chakumadzulo kwa Karachi, mzinda waukulu kwambiri ku Pakistan. Anthu anayamba kukhazikikako m'zaka za m'ma 1960, ndipo anachuluka kwambiri pambuyo pa nkhondo ya mu 1971, pamene East Pakistan inasanduka dziko la Bangladesh ndipo mabanja ambiri olankhula Chiurdu anathawira ku Karachi. Malo ambiri anali a boma. Amene anawadula maploti n'kumagulitsa anali madobadoba a malo, omwe kumeneko amawatchula kuti dallal, ndipo ankagwira ntchito yawo akuluakulu ena a boma ndi apolisi akudziwa. Madera otere ku Pakistan amatchedwa katchi abadi, kutanthauza malo amene anthu anamanga popanda chilolezo chokwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene madobadobawa anachita bwino, kaya mwadala kaya pofuna kuti boma lidzavomereze malowo mosavuta: maploti anawadula m'mizere yowongoka, n'kusiya tinjira pakati. Kanjira kamodzi kankakhala ndi nyumba pakati pa 20 ndi 40, zoyang'anizana. Chinanso n'chakuti Orangi ndi malo otsetsereka, ndipo madzi a mvula amatsikira okha m'makwawa achilengedwe, amene anthu a kumeneko amawatchula kuti nala. Zinthu ziwirizi musaziiwale, tidzabwererako.

Nyumba anthu anamanga okha, ambiri ndi mabuloko a simenti otenga pangongole kwa owumba mabuloko a m'deralo. Masukulu ndi tizipatala tating'ono anatsegulanso okha. Chimene chinawakanika chinali zoipa za m'chimbudzi. Ena ankagwiritsa ntchito zimbudzi za ndowa zimene munthu wolipidwa ankabwera kudzakhuthula, kawirikawiri m'khwawa kapena pamalo apululu apafupi. Ena anakumba maenje omwetsa, amene ankadzaza msanga. Madzi otsukira ndi osambira ankangoyenda pakati pa kanjira. Ana ankasewera momwemo, chinyezi chinkadya maziko a nyumba, ndipo ndalama zimene banja likanasunga zinkathera ku mankhwala a m'mimba, tayifodi ndi malungo.

Munthu amene anayamba n'kuyenda wapansi

Ntchito yotchedwa Orangi Pilot Project, mwachidule OPP, inayamba mu 1980. Anaiyambitsa Dr Akhtar Hameed Khan, amene anabadwa mu 1914 n'kumwalira mu 1999. Anali atagwirapo ntchito m'boma la atsamunda ku India n'kuisiya yekha, ndipo anali atadziwika kale ndi ntchito ya chitukuko cha kumudzi ku Comilla, dera limene tsopano lili m'dziko la Bangladesh. Ndalama zoyendetsera ofesi zinachokera ku thumba lachifundo la banki ya BCCI.

Miyezi yoyamba sanamange kanthu. Ankangoyendayenda m'tinjira, kukhala pansi ndi anthu, makhansala ndi atsogoleri a timabungwe ta m'deralo, kumva zimene akudandaula ndi kuona zimene akuchita kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku ano ndi mabungwe ochepa othandiza amene angalipire munthu kuti angoyenda miyezi ingapo osabweretsa chooneka. Anapitanso ku maofesi a mzinda, Karachi Metropolitan Corporation ndi Karachi Development Authority. Yankho linali lomwe ife a ntchito imeneyi timalidziwa pamtima: malowo ndi osavomerezeka, ndalama palibe, ndipo mtengo woika suweji mwa njira ya boma ndi woti anthu osauka sangaukwanitse.

Apa ndi pamene Khan anafunsa funso limene ambirife sitifunsa: mtengowo wakwera choncho chifukwa chiyani? Ataugawa zidutswazidutswa anapeza kuti simenti, mchenga, mapaipi ndi ntchito ya manja zinali gawo lochepa chabe. Zotsalazo zinali phindu la kontrakitala, ziphuphu, ndalama zoyendetsera maofesi, ndi miyezo ya mainjiniya yopangidwira misewu yodutsa malole pamene kanjira ka ku Orangi kamadutsa anthu, njinga ndi ngolo.

Anaonanso kuti zotchinga anthu zinali zinayi. Choyamba chinali m'maganizo: anthu ankakhulupirira kuti suweji ndi udindo wa boma ndipo tsiku lina adzapatsidwa yaulere, andale nawo ankawalonjeza zomwezo chisankho chilichonse. Chachiwiri chinali mtengo. Chachitatu chinali luso, popeza munthu akhoza kumanga nyumba yake koma sangayeze yekha kutsetsereka kwa paipi yodutsa nyumba 30. Chachinayi chinali kusowa kwa gulu loyenera kugwira ntchito yotere. Timabungwe timene tinalipo tinali taluso pokapempha kwa andale, osati pokumba.

Mmene ntchito inkayendera pa kanjira

Chisankho chachikulu pa zonse, mmene ndikuonera ine, chinali kutenga kanjira ngati gulu logwirira ntchito. Osati dera lonse, osati wodi ya khansala. Mabanja 20 kapena 40 amadziwana. Amadziwa amene walandira malipiro sabata ino, amene mwamuna wake wachotsedwa ntchito, ndi amene amangokonda kuzemba. Ndalama ikasowa, wakuba sangabisale. Komiti ya dera la anthu zikwi makumi angapo ilibe mwayi umenewu, n'chifukwa chake makomiti otere amatha ndi kulozana zala.

Ogwira ntchito ku OPP, amene ambiri anali anthu a ku Orangi komweko, ankachititsa msonkhano pa kanjira n'kufotokoza njira yatsopanoyo ndi zithunzi. Anthu akagwirizana, ankasankha mmodzi wa iwo kukhala woyang'anira kanjira, ndipo iyeyo ankalemba kalata yopempha thandizo la luso. Pamenepo amisiri a OPP ankabwera ndi levulo, chida choyezera kutsetsereka kwa nthaka, kuyeza kanjirako, kujambula pulani, ndi kuwerengera zofunika zonse pamodzi ndi mtengo wake. Woyang'anira uja ankasonkhetsa ndalama khomo ndi khomo, kugula zipangizo ndi kulemba amisiri. Zokumba ena ankakumba okha. OPP inkabwereketsa zida ndi zikombole, n'kumayendera ntchitoyo.

Ndalama za anthu OPP sinkazigwira ngakhale pang'ono, ndipo sinkaperekanso ndalama yomangira. Anzanga atsopano akamva izi amaona ngati nkhanza. Koma taganizani: bungwe likangolipirira kanjira kamodzi, tinjira tonse totsala timaima n'kuyamba kudikira nthawi yathu, ndipo ndalama za bungwe zikatha ntchito imathera pomwepo. Komanso bungwe likasunga ndalama za anthu, mkangano uliwonse wa pakati pa oyandikana nyumba umasanduka mlandu wa bungwelo.

Mtengo anautsitsa ndi zinthu zooneka zazing'ono. Mapaipi sankakwiriridwa mozama ngati a mumsewu waukulu. Maenje otsegulira paipi ikatsekeka ankathiridwa konkire pamalo pomwepo pogwiritsa ntchito zikombole zachitsulo, mmalo momangidwa ndi mabuloko n'kupakidwa pulasitala, ntchito yofuna mmisiri wodula. Zivundikiro zake zinali za konkire, osati zachitsulo zimene akuba amazula usiku kukagulitsa. Kontrakitala panalibe. Zonse pamodzi, chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya pa kanjira ndi gawo la paipi yolandira tinjira tingapo, zinkakwana pafupifupi ma rupee 1,000 pa nyumba m'zaka zoyambirirazo, pamene mtengo wa boma unali wochuluka kangapo.

Sikuti zinayenda bwino kuyambira tsiku loyamba. Kanjira koyamba kanatenga miyezi kuti kavomere. Ntchito itayamba kufala, anthu ena anathamanga kukumba okha osadikira woyeza, ndipo mapaipi ena anaikidwa osatsetsereka bwino. Vuto lina linali madzi. Ku Orangi madzi ndi osowa, ndiye munthu sathira ochuluka m'chimbudzi, ndipo zolimba zinkatsalira m'paipi n'kuitseka. Yankho lake linali kathanki kakang'ono ka chipinda chimodzi pakati pa chimbudzi ndi paipi ya pa kanjira, kamene kamagwira zolimba n'kulola madzi okha kudutsa. Ubwino wake wina ndi woti banja likamataya zinyalala m'chimbudzi, kotsekeka ndi kathanki kawo komwe, osati paipi ya anthu onse. Pa nkhani zaumisirizi anathandiza kwambiri Arif Hasan, katswiri wa mapulani a nyumba ndi mizinda, amene anakhala mlangizi wamkulu wa ntchitoyi, ndi Perween Rahman, amene analowa ntchito mu 1982 atangomaliza maphunziro omwewo.

Amayi, ngakhale kuti pamisonkhano yapoyera sankaonekera kwambiri, ndiwo ankakankha amuna awo kuti asonkhe, ndipo nthawi zambiri ndalamayo inkachokera pa zimene iwo apatula pa ndalama ya pakhomo. N'zosadabwitsa. Wotsuka mwana wotsegula m'mimba usiku ndi amene amadziwa mtengo weniweni wa kanjira konyansa.

Mkangano ndi akatswiri a kunja

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu inatumiza mlangizi wake ku ntchitoyi. Iye sanakondwe ndi zimene anaona. Kwa iye panalibe pulani yaikulu ya dera lonse, panalibe zolinga zoikidwa nthawi, luso linali lotsika, ndipo kuthira zoipa m'makwawa kunali kulakwa. Ankafuna ntchito yoyendetsedwa ndi akatswiri mogwirizana ndi makhansala ndi maofesi a boma. Sanamvane ndi Khan, ndipo Orangi inagawidwa: mbali ina inapita ku ntchito yothandizidwa ndi United Nations, ina inatsala ndi OPP. Patatha zaka zingapo, mbali ya akatswiri a kunja inali itafikira tinjira makumi ochepa chabe itawononga ndalama zambiri, pamene mbali ya OPP tinjira tinali m'zikwi.

Nkhaniyi anthu amakonda kuikamba ngati nthano ya kalulu ndi njovu, koma ine ndimawachenjeza ophunzira anga. Pa nkhani ya makwawa mlangizi uja sananame. Funso lake linali loona, kungoti yankho lake linali m'manja mwa boma, osati mwa anthu a pa kanjira.

Pamene boma linalowera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. OPP inagawa suweji m'magawo anayi: chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya pa kanjira, paipi yolandira tinjira ta m'dera limodzi, ndipo pomaliza paipi yaikulu pamodzi ndi malo oyeretsera madzi oipa. Magawo atatu oyambawo anawatcha zam'kati, ndipo anati anthu akhoza kulipira, kumanga ndi kusamala okha. Gawo lachinayi analitcha zakunja, ndipo anati limeneli ndi la boma basi, anthu sangalikwanitse ndipo sayenera kuyesa.

Kusiyana kwake ndi zimene timachita kawirikawiri n'kwakukulu. Ife timakonda kugawana mtengo: anthu asonkhe gawo lakutilakuti, khonsolo iwonjezere lotsala, zonse zilowe m'thumba limodzi. Zikatero anthu amadikira khonsolo, khonsolo imadikira anthu, ndipo ntchito ikalephera palibe amene angalozedwe. Ku Orangi sanagawane mtengo, anagawana ntchito. Aliyense ali ndi chigawo chake, ndalama zake, ndi amisiri ake. Anthu sankafunika kudikira siginecha ya munthu aliyense kuti ayambe kukumba pakhomo pawo.

Oyamba kukokedwa anali makhansala. Iwo ankalandira kandalama ka chitukuko chaka chilichonse, ndipo kambiri kankathera pa ngalande zosavundikira ndi tinthu tina tooneka msanga. OPP, mothandizidwa ndi ophunzira a uinjiniya ndi a mapulani a nyumba a m'makoleji a mumzindawo, inayeza Orangi yonse n'kupatsa khansala aliyense mapu a dera lake, osonyeza kotsetserekera madzi, tinjira tomwe tamanga kale, ndi pamene pakufunika paipi yolandira. Anthu nawo anawaona mapuwo. Kuyambira pamenepo khansala akabwera ndi nkhani yake, ankapeza anthu akudziwa kale chimene akufuna, pamene chiyenera kudutsa, ndi mtengo wake. Munthu wotere ndi wovuta kumunamiza.

Mu 1988 OPP inagawidwa kukhala mabungwe angapo oima paokha, ndipo za suweji, nyumba ndi maphunziro a amisiri zinapita ku OPP Research and Training Institute, motsogozedwa ndi Perween Rahman. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera ntchito ya ngongole ya Asian Development Bank yoti iike suweji ku Orangi. Mapulani ake oyamba anajambulidwa ngati kuti pansi pa tinjira palibe kanthu, chikhalirecho anthu anali atakwirira kale mapaipi m'tinjira zikwi zingapo. Pambuyo pa zokambirana ndi akuluakulu a mzinda, ntchitoyo inasinthidwa kuti boma limange mapaipi aakulu okha, olandira zimene anthu anamanga, ndipo mtengo unatsika kwambiri. Chinanso chimene chinachitika pamenepo ndimachisirira: anthu a m'tinjira, amene tsopano ankadziwa kasakanizidwe ka konkire ndi kayezedwe ka paipi, ankaima pambali pa makontrakitala a boma n'kumayang'ana. Ntchito yachinyengo ankaikana isanakwiriridwe.

M'zaka zomwezo bungwe la boma la chigawo cha Sindh loona za madera osavomerezeka, Sindh Katchi Abadi Authority, pansi pa Tasneem Siddiqui, linatenga njira yogawana ntchitoyi kukhala yake. Ndikutchula dzina lake dala. M'nkhani zonse zotere zimene ndawerenga kapena kuziona, pamakhala munthu mmodzi kapena awiri m'kati mwa boma amene anatsegula chitseko. Akasamutsidwa, chitseko chimatsekeka, ndipo mumayambiranso kugogoda.

Mapu

Kuyambira mu 1994 bungwe la OPP Research and Training Institute linayamba kuphunzitsa achinyamata a m'madera osauka kuyeza malo, kugwiritsa levulo ndi kujambula mapu. Achinyamatawa anayenda m'ma katchi abadi oposa 300 a mu Karachi, kulemba paipi iliyonse ya madzi ndi ya suweji, sukulu, chipatala, ndi amene anamanga. Anatsatanso makwawa a mumzinda kuyambira kumtunda mpaka kunyanja.

Zimene anapeza zinasintha nkhani yonse ya suweji mu Karachi. Mapulani a Karachi Water and Sewerage Board, bungwe la boma loona za madzi ndi suweji mumzindawo, ankaganiza kuti zoipa zimayenda m'mapaipi aakulu a m'mbali mwa misewu kupita ku malo oyeretsera. Zoona zake zinali zoti gawo lalikulu la mzinda, madera olemera omwe, linkathira m'makwawa, n'chifukwa chake malo oyeretserawo ankalandira madzi ochepa poyerekeza ndi kukula kwake. Malangizo a OPP anali osavuta kumva: vomerezani zimene zilipo. Makwawawo akonzedwe kukhala ngalande zazikulu za konkire zovundikira, ndipo malo oyeretsera amangidwe kumene makwawawo amathera, mmalo mokumba mzinda wonse kuti madzi abwerere kumtunda.

Umboni wa mphamvu ya mapuwa unaoneka ku Korangi, dera lina la Karachi. Kunakonzedwa ntchito ya madola 100 miliyoni, ndipo 70 miliyoni mwa iwo inali ngongole ya Asian Development Bank. OPP ndi mabungwe ena, pamodzi ndi anthu a ku Korangi, anasonyeza kuti mapaipi ambiri amene ntchitoyo inkafuna kumanga analipo kale, ndipo kuti zofunikadi zikanatheka ndi kagawo kochepa ka ndalamazo. Mu 1999 bwanamkubwa wa Sindh anaikana ngongoleyo. Si kawirikawiri boma kubweza ndalama zoti zabwera kale pakhomo, ndipo silinabweze chifukwa cha zikwangwani kapena kukuwa. Linabweza chifukwa anthu wamba anali ndi chithunzi cholondola cha pansi pa nthaka kuposa cha ofesi yoyang'anira nthakayo.

Ndikamaphunzitsa gawo limeneli ndimawauza anzanga kuti msonkhano wa anthu ndi khonsolo umene mbali imodzi yokha ndiyo yanyamula mapu si kukambirana, ndi kulengeza.

Zotsatira

Pofika zaka za m'ma 2000, nyumba zoposa 90,000 m'tinjira toposa 6,000 ku Orangi zinali ndi zimbudzi zolumikizidwa ku suweji yomangidwa ndi ndalama za eni ake, kutanthauza nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse. Lipoti la chitukuko cha anthu la 2006 la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, linanena kuti imfa za makanda m'deralo zinatsika kuchoka pa 130 mwa ana 1,000 obadwa amoyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kufika pochepera 40. Si suweji yokha imene inachita zimenezi, chifukwa panalinso ntchito ya katemera ndi maphunziro a zaumoyo kwa amayi, koma palibe angakane gawo lake. Mu 2006 momwemo ndondomeko ya dziko la Pakistan ya zaukhondo inavomereza njira yogawana ntchitoyi. Njirayi inayesedwanso m'mizinda ina, monga ku Faisalabad kudzera m'bungwe la Anjuman Samaji Behbood, ndi ku Lodhran kumene khonsolo ya tauniyo inali m'kati kuyambira pachiyambi.

Kumene inakanika kufalikira, zifukwa zake zinali zofanana: kunalibe gulu la anthu a pomwepo lokhala ndi amisiri akeake, kapena kunabwera wopereka ndalama amene anayamba kulipirira zam'kati, kapena boma silinamange zakunja ndipo anthu anasowa kothira.

Zimene ndimachenjeza ofuna kutengera

Tibwerere ku zinthu ziwiri zija. Tinjira ta ku Orangi tinali towongoka, ndipo malowo ndi otsetsereka. Dera limene nyumba zinamangidwa mothithikana popanda mizere, kapena lachidikha kumene madzi sayenda popanda pampu, silingayambe ndi kanjira. Kumeneko zakunja ziyenera kuyamba, apo ayi anthu adzasonkha ndalama n'kudzipangira dziwe la zoipa kumapeto kwa mzere wawo. Chachitatu, ambiri ku Orangi nyumba zinali zawo ndipo sankaopa kwenikweni kugwetseredwa. Munthu wa lendi, kapena amene akumva mphekesera ya buludoza, sakwirira ndalama zake pansi.

Pali funso linanso limene sindilithawa, chifukwa wophunzira wochenjera aliyense amalifunsa. N'chifukwa chiyani wosauka alipire yekha paipi ya pa kanjira kake, pamene wa kudera lolemera amaipeza ilipo kale? Kodi sitikuthandiza boma kuzemba udindo? Funsoli ndi lachilungamo. Oikira kumbuyo njirayi amayankha kuti wogula ploti kudera lokonzedwa amalipiranso zimenezi mumtengo wa ploti, ndiponso kuti anthu a ku Orangi ankalipira kale, kwa wokhuthula ndowa, kwa dokotala, ndi pokonza makoma odyeka, kungoti ankalipira osapeza kanthu. Ine ndimawonjezera kuti boma limene lamasulidwa ku zam'kati latsala ndi ntchito yochepa ndi yodziwika, ndipo likalephera lilibe pobisala. Komabe sindinganene kuti funsolo latha. Njirayi ndi yabwino pokhapokha ngati mbali inayo ikukwaniritsa zake.

Ndipo ku Karachi mbali inayo yakwaniritsa mwa apo ndi apo. Makwawa ena anakonzedwa n'kuvundikiridwa, ena ayi. Mpaka lero madzi oipa ambiri a mzindawo amafika m'nyanja ya Arabia osayeretsedwa. Zimene mlangizi uja anadandaula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zidakalipo, kungoti zinachoka pakhomo pa anthu n'kusamukira kunsi.

Perween Rahman anapitiriza ntchito ya mapu, ndipo inamufikitsa pa nkhani zoopsa kuposa suweji. Analemba za anthu oba madzi m'mapaipi a mzinda n'kumagulitsa m'mathanki a galimoto. Gulu lake linayezanso midzi yakale ya m'mphepete mwa Karachi, yotchedwa goth, imene olanda malo ankailakalaka, ndipo midzi yoposa 1,000 inavomerezedwa ndi boma mothandizidwa ndi mapuwo. Pa 13 March 2013 anawomberedwa ndi mfuti ali m'galimoto pochokera ku ofesi yake ku Orangi, ndipo anamwalira.

Mu August 2020 mvula yamphamvu inamiza mbali zambiri za Karachi. Mlandu unagwera nyumba zomangidwa m'mbali mwa makwawa, ndipo potsatira lamulo la khoti lalikulu la dzikolo, mu 2021 akuluakulu a boma anagwetsa nyumba zikwi zingapo m'mphepete mwa khwawa la Gujjar ndi la Orangi, kuti akulitse makwawawo ndi kulambula misewu mbali zonse ziwiri. Ena mwa ogwetseredwawo anali ndi zikalata za malo zoperekedwa ndi boma lomwelo. Muyezo wa malo oti agwetsedwe unachokera pa zithunzi zojambulidwa m'mwamba, ndipo eni nyumba ambiri anaudziwa poona manambala atapakidwa pamakoma awo.